Mphamvu ku Anthu: K5 Biliyoni Ikafika M'dera Lathu, Aigwire Ndani?

M'dzinja lapitali, titatsiriza nsembe ya Misa pa tchalitchi lina laling'ono m'dera la Mfumu Yaikulu Kaphuka, tidakhala pansi pamodzi ndi akuluakulu a mpingo kudikira kuti madzi a mumtsinje aphweko, popeza kamlatho ka mitengo kamene tidaolokerapo m'mawa kadali katamira. Nkhani idayambira pa mlatho womwewo. Bambo wina adati tikadandaule kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo. Mayi wina adati ayi, za milatho ya m'midzi mwini wake ndi khansala. Wachitatu adati palibe chimene chimachitika popanda kudzera kwa mfumu, ndipo mnyamata wina amene adalemba mayeso a Fomu 4 adati ndalama zonse zili m'manja mwa a DC ku boma. Anthu onsewa ndi ozindikira, ndipo onse adaponya voti pa 16 Sepitembala 2025, koma padalibe awiri amene adagwirizana za khomo loyenera kugogoda.

Abale ndi alongo, kusadziwa khomo loyenera kugogoda si nkhani yocheza nayo. Mlatho ukamira, kachewere ndi nyemba sizifika pa msika wa Linthipe ndipo mavenda amadzagulira pakhomo pa mtengo wolira nawo. Ana a tsidya lina amajomba kusukulu. Mayi woyembekezera amanyamulidwa pa machira kuzungulira njira yaitali. Nkhaniyi yakula koposa tsopano chifukwa boma la Pulezidenti Arthur Peter Mutharika, litangolowa kumapeto kwa 2025, lidalengeza kuti thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, limene ambiri timalidziwa ndi dzina loti CDF, likwera kufika pa K5 biliyoni pa chaka dera lililonse. Madera a aphungu alipo 229, ndiye kuti lonjezoli likakwaniritsidwa lonse, ndalama zoposa K1.1 thililiyoni ziyenera kutsikira kumidzi ndi m'matauni m'chaka chimodzi chokha. Mafunso athu m'nkhani ino ndi atatu: ndalama zimenezi azigwira ndani, ntchito zake asankha ndani, ndipo zikasowa tikafunsa ndani?

Kumene tidachokera

M'Chichewa chathu mawu akuti boma ali ndi matanthauzo awiri. Tikati boma lakonza bajeti timanena ulamuliro wa ku Lilongwe, koma tikati tikupita ku boma timanena ku Dedza, kumene kuli ofesi ya DC. Kwa nthawi yaitali matanthauzo awiriwa adali chinthu chimodzi, chifukwa DC adali dzanja la likulu, m'nthawi ya atsamunda ngakhalenso m'nthawi ya chipani chimodzi. Malamulo ankachokera kumwamba, anthu a pansi n'kumangovomera.

Titasankha ulamuliro wa zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, malamulo aakulu a dziko amene adayamba kugwira ntchito mu 1994 adapatula mutu wonse wonena za maboma aang'ono. Mu 1998 boma la Bakili Muluzi lidakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Cholinga chidali chomveka bwino: ntchito monga sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, ulangizi wa zaulimi, mijigo, misika ndi misewu ya m'midzi ziziyendetsedwa ndi khonsolo, imene masiku amenewo tinkaitcha asembule, ndipo khonsoloyo izilamulidwa ndi makhansala osankhidwa ndi anthu. Ndondomekoyo idanenanso kuti boma lizipereka kumakhonsolo ndalama zosachepera K5 pa K100 iliyonse imene latolera, kuti zikagwire ntchito ya chitukuko.

Chisankho choyamba cha makhansala chidachitika mu Novembala 2000, koma amene adakavota adali anthu pafupifupi 14 okha mwa 100 alionse olembetsa. Nthawi ya makhansalawo idatha mu 2005, ndipo kuyambira pamenepo dziko lidakhala zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, kufikira chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Mwana amene adayamba Sitandade 1 mu 2005 adafika ku sekondale asadaonepo khansala ndi maso ake. Tisadabwe tsono ngati lero akuluakulu a mpingo akusiyana maganizo za ntchito ya munthu ameneyu.

Mpando ukakhala wopanda mwini, sulephera kupeza wokhalapo. M'zaka zopanda makhansala zomwezo ndi mmene mudabadwira CDF, mu 2006, ndipo poyamba dera lililonse linkalandira K2 miliyoni. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la maboma aang'ono, aphungu n'kupatsidwa mphamvu yoponya voti m'khonsolo ndipo DC n'kuyamba kusankhidwa ndi nduna. M'nyengo yomweyo mawodi, amene mu 2000 adali oposa 800, adachepetsedwa pafupifupi ndi theka, kotero kuti mu 2014 tidasankha makhansala m'mawodi 462. Motero makhansala atabwerera adapeza kuti dera lawo lakula, mphamvu yawo yachepa, ndipo anthu adazolowera kale kuti chitukuko chimabwera ndi phungu. Pa chisankho cha 2025 mawodi adakwera kufika pa 509, koma chizolowezi chija sichidasinthe.

Thumba la phungu kapena la anthu?

Thumba la CDF lakhala likukula chaka ndi chaka. Mu 2022 lidafika pa K100 miliyoni, ndipo mu 2024 pa K200 miliyoni. N'zoona kuti m'nyengo yomweyi kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti simenti ndi malata zidakwera mtengo moopsa. Komabe kuchoka pa K200 miliyoni kufika pa K5 biliyoni ndi kuchulukitsa ka 25. Ndalama zotere si za mjigo umodzi ndi chipinda chimodzi cha sukulu. Ndi ndalama zomangira milatho ya konkire, nyumba za aphunzitsi ndi zipinda za amayi oyembekezera.

Aphungu ali ndi mfundo zawo, ndipo chilungamo chifuna kuti tizimve. Iwo amati anthu sawayesa ndi malamulo amene apanga ku Lilongwe, koma ndi zooneka ndi maso m'mudzi. Amatinso ndalama zikadzera kukhonsolo zimachedwa m'mapepala, pamene denga la sukulu likasasuka ndi mphepo lifunika kukhomedwa sabata yomweyo. Ndipo amadziwa kuti pa chisankho chilichonse aphungu ambiri sabwereranso ku Nyumba ya Malamulo. Mantha awo ndi enieni.

Komatu ntchito ya phungu ili patatu: kupanga malamulo, kuyankhulira anthu ake, ndi kulondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama za misonkho. Ntchito yachitatuyi ndi imene imaonongeka phungu akakhala mwini thumba. Munthu mmodzi sangavomereze bajeti, n'kusankha yekha ntchito, n'kuloza womanga, kenaka n'kubwera kudzadzifufuza yekha. Makolo athu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma akhala akudandaula kawirikawiri za ndalama za CDF zopanda malisiti ndi za ntchito zolipiridwa koma zosatha. Si aphungu onse amene amachita zimenezi, ndipo alipo amene amanga zinthu zolimba. Vuto lili pa dongosolo limene limadalira mtima wabwino wa munthu mmodzi.

Mfundo imeneyi ndi imene bungwe la makhonsolo la MALGA lidapita nayo kukhoti. Mu Meyi 2025 Khoti Lalikulu, pozenga mlanduwu ngati khoti lotanthauzira malamulo aakulu a dziko, lidagamula kuti n'kulakwira malamulowo kuti aphungu aziyendetsa CDF ndiponso kuti aziponya voti m'khonsolo, popeza kutero n'kusokoneza malire a pakati pa opanga malamulo ndi oyendetsa boma. Chisankho cha Sepitembala chitadutsa, aphungu atsopano, a mbali ya boma ndi otsutsa omwe, adagwirizana kudutsitsa bilu yosintha malamulo aakuluwo kuti akhalebe ndi dzanja pa thumbali. Kumayambiriro kwa 2026 Pulezidenti adakana kusayinira biluyo. Tikuona kuti adachita bwino. Koma tionenso chimene nkhaniyi yatiululira: aphungu amene amakangana pa chilichonse adayankhula ndi mawu amodzi itafika nkhani ya thumba. Chilakolako chimenechi sichitha ndi chigamulo chimodzi, ndipo tiyembekezere kuti chidzabweranso chitavala malaya ena.

Za feduro ndi phunziro la ku Canada

Pali Amalawi ena amene amati zonsezi n'kupaka mafuta pa chilonda chosatsuka. Iwo amati mankhwala enieni ndi feduro, ndiko kuti chigawo chilichonse chikhale ndi boma lake, nyumba yake ya malamulo ndi thumba lake. Mawu amenewa adamveka kwambiri chitatha chisankho cha 2014, makamaka m'chigawo cha kumpoto, ndipo mu 2019 phungu Yeremiah Chihana adaibweretsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo. Madandaulo amene ali kumbuyo kwake ndi odziwika: misewu yosakonzedwa, chitukuko chotsata kwawo kwa mtsogoleri, ndi kuona ngati chilichonse chimathera ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Achikulire ambiri akamva za feduro amakumbukira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, chimene Inkosi Gomani ya ku Ntcheu idachotsedwera pa mpando chifukwa chochikana. Koma nkhani ziwirizi n'zosiyana. Chitaganya chidamanga maiko atatu pamodzi mokakamiza, pansi pa ulamuliro wa azungu a ku Salisbury. Feduro imene ikukambidwa lero ndi yogawana mphamvu m'kati mwa dziko limodzi. Tiyenera kuiweruza pa zabwino ndi zoipa zake, osati pa mantha a dzina.

Kuti tiimvetse, tiyang'ane dziko limene layenda m'njira imeneyi kwa nthawi yaitali. Canada si dziko lachilendo kwa ife a dayosizi ya Dedza, popeza Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa malo a zachikhalidwe a KuNgoni ku Mua mu 1976, adachokera kumeneko. Dzikoli lidakhazikitsa feduro mu 1867, ndipo lili ndi zigawo 10 zodzilamulira ndi madera ena 3 a kumpoto. Malamulo ake aakulu adalemba mndandanda wa ntchito za boma la ku likulu, Ottawa, monga asilikali ndi ndalama ya dziko, ndi mndandanda wina wa ntchito za zigawo, monga sukulu, zipatala ndi makhonsolo. Chigawo chilichonse chili ndi nduna yaikulu yake ndipo chimatolera misonkho yakeyake.

Ubwino wake umaoneka. Chigawo chimodzi chingathe kuyesa njira yatsopano monga mmene mlangizi amachitira ndi munda wachitsanzo, zinazo n'kumaonerera. Chithandizo cha m'chipatala cholipiridwa ndi boma chidayambira m'chigawo cha alimi cha Saskatchewan mu 1947, pansi pa utsogoleri wa Tommy Douglas, ndipo chitaoneka kuti chikuyenda, chidafalikira dziko lonse. Chinanso n'chakuti kuyambira mu 1957 boma la ku likulu limapereka ndalama zapadera kuzigawo zimene chuma chake n'chochepa, potsata masamu odziwika ndi aliyense, kuti mwana wa m'chigawo chosauka aphunzire ndi kuchiritsidwa mofanana ndi mnzake wa m'chigawo cholemera. Mu 1982 mfundo imeneyi idalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo.

Koma walira mvula walira matope. Chigawo cha Alberta, chimene chili ndi mafuta ambiri, chakhala chikudandaula kuti chuma chake chimadyetsa ena, ndipo pa riferendamu ya mu 2021 ovota oposa 60 mwa 100 alionse kumeneko adati mfundo yogawana ija ichotsedwe. Chigawo cha Quebec, cha anthu oyankhula Chifalansa, chidachititsa riferendamu yofuna kudzipatula mu 1980 ndi mu 1995, ndipo ulendo wachiwiriwo dziko lidapulumukira mkamwa mwa mbuzi, chifukwa okana kudzipatula adangopitirira theka pang'ono chabe. Ndipo pali nkhani ina imene ikufanana kwambiri ndi yathu. Mu 2018 nduna yaikulu ya chigawo cha Ontario, Doug Ford, idadula mawodi a makhansala a mzinda wa Toronto kuchoka pa 47 kufika pa 25, kampeni ya chisankho ili m'kati, ndipo mu 2021 khoti lalikulu koposa m'dzikolo lidati malamulo amamulola kutero. Apa tikuona kuti boma la chigawo nalo limatha kupondereza khonsolo, monga mmene likulu lathu lidachitira mu 2010.

Tikumbukirenso kukula kwa maiko awiriwa. Canada ndi yaikulu koposa ka 80 poyerekeza ndi Malawi, ndipo zigawo zake zili ndi mafakitale, migodi ndi anthu olembedwa ntchito ochuluka olipira msonkho. Kwathu kuno misonkho yambiri imatoleredwa m'mizinda iwiri kapena itatu. Tikakhazikitsa maboma a zigawo, aliyense ndi nduna zake, aphungu ake ndi magalimoto ake, ndalama zowalipirira zidzachokera m'thumba lomwe lija limene likulephera kugula mankhwala. Ndipo kwa mlimi wa kwa Kaphuka, likulu la chigawo cha pakati lidzakhalabe Lilongwe yemweyo. Mtunda wa pakati pa iye ndi wolamula sudzafupika ndi phazi limodzi lomwe.

Sitifunikanso kupita kutali kuti tione zimenezi. Abale athu a ku Angonia, amene timagulana nawo malonda pa chipata cha Dedza, ali m'chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique. Kuyambira pa chisankho cha Okutobala 2019, bwanamkubwa wa chigawo kumeneko amachokera m'mavoti a anthu, pamene kale ankaikidwa ndi pulezidenti. Koma lamulo lomwelo lidakhazikitsanso m'chigawo chilichonse mlembi wamkulu woimira boma la ku Maputo, wosankhidwa ndi pulezidenti. Atambala awiri m'khola limodzi, ndipo nzika ya ku Ulongwe ili ndi funso longa la akuluakulu athu aja: tikagogode khomo liti?

Phunziro tsono ndi lakuti dzina la dongosolo si ndilo limachiritsa. Kumene kugawana mphamvu kwayenda bwino, kwayenda chifukwa cha zinthu zitatu. Choyamba, ntchito ya aliyense idalembedwa momveka, kotero kuti chinthu chikaonongeka mwini wake amadziwika. Chachiwiri, ndalama zimatsata ntchito, potsata masamu olembedwa m'lamulo, osati potsata chipani chimene dera lidavotera. Dziko la Kenya, mwachitsanzo, lidalemba m'malamulo ake aakulu a 2010 kuti maboma ake aang'ono 47 azilandira zosachepera 15 peresenti ya ndalama zimene boma latolera. Chachitatu, anthu eni ake amayang'anira ndi kufunsa. Zitatu zonsezi zingatheke m'makhonsolo amene tili nawo kale, ngati lamulo la 1998 litatsatidwa mokhulupirika.

Khonsolo nayo si mngelo

Wina asaganize kuti pochotsa thumba m'manja mwa phungu ndiye kuti tamaliza ntchito. Malipoti omwe aja a wolondoloza ndalama za boma amatchulanso makhonsolo: mafuta a galimoto osadziwika kumene adapita, ndalama za alawansi za misonkhano, ndi katundu wogulidwa mosatsata malamulo. Katangale sasankha ofesi. Akatsekeredwa khomo lina amalowera pa zenera.

Palinso vuto la mphamvu zogwirira ntchito. Boma la Dedza lidali ndi anthu oposa 830,000 pa kalembera wa 2018, kuyambira kumapiri kuno mpaka kunyanja kwa Kachindamoto. Kuti ntchito za mabiliyoni ziyende m'dera lalikulu chotere, pafunika mainjiniya oyeza mlatho usadamangidwe ndi kuuyendera ukumangidwa, akatswiri owerengera ndalama, ndi galimoto zofikira kumene kuli ntchito. Makhonsolo ambiri m'dziko muno alibe antchito otere okwanira. Ndalama zimene amatolera okha, monga ziphaso za pamsika ndi malaisensi a magolosale, n'zochepa, ndipo zochokera ku likulu nthawi zambiri zimafika mochedwa kapena zoperewera. Kuthira madzi a mumgolo m'chikho n'kutaya madzi. Ngati boma lili ndi mtima woona pa K5 biliyoni, liyambe ndi kulemba antchito aluso m'makhonsolo, ndipo lizilengeza poyera tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama zimene latumiza ku boma lililonse.

Tifunsenso ngati kugawa mofanana dera lililonse ndiko chilungamo. Dera la m'tauni limene lili kale ndi phula, magetsi ndi mipope silingafanane ndi dera la kumapiri kumene mitsinje imadula midzi miyezi itatu pa chaka. Mayi wanzeru sagawira nsima yofanana kwa mwana wodwala ndi kwa mwana amene wadya kale kwa agogo ake. Masamu ogawira ndalama ayenera kuganizira kuchuluka kwa anthu, umphawi ndi kuvuta kwa malo.

Pa nkhani imeneyi Mpingo uli ndi chiphunzitso chakale. Mu 1931 Papa Pius XI, m'kalata yake yotchedwa Quadragesimo Anno, adaphunzitsa kuti si bwino kuti gulu lalikulu lilande ntchito imene gulu laling'ono lingathe kuigwira lokha, ndipo kuti udindo wa wamkulu ndi kuthandiza wamng'ono, osati kummeza. Ife tikuidziwa mfundoyi m'moyo wa miphakati yathu. Maliro a m'mudzi sayembekezera parishi, ndipo parishi siyembekezera dayosizi pa chilichonse. Komanso tikudziwa kuti msungichuma wa mphakati amene sawerenga lipoti pamaso pa anzake sachedwa kugwa m'mayesero. Mphamvu ikatsika, kuwerengera kutsike nayo limodzi.

Tichitenji ife a m'mudzi?

Choyamba, tidziwe njira imene chitukuko chiyenera kudzera. Pempho limayambira m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, imene imakhala pa dera la gulupu. Kuchoka apo limapita kukomiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, ndipo kenaka kukhonsolo, kumene makhansala amakambirana ndi kuvomereza mapulani a chitukuko a boma lonse. Khansala ndiye wonyamula pempholo ndi kubwera ndi yankho. Mfumu imasonkhanitsa anthu ndi kupereka malo. DC ndi antchito ake amagwira ntchito imene khonsolo yavomereza. Phungu amaonetsetsa ku Lilongwe kuti ndalama zatuluka, ndipo amafunsa ngati zagwira ntchito yake. Yankho la funso la akuluakulu athu aja tsono ndi ili: mlatho uyambire ku VDC, ulembedwe m'mabuku a ADC, ndipo khansala atiuze tsiku limene adaupereka kukhonsolo.

Chachiwiri, tisathawe maudindo m'makomiti amenewa. Nthawi zambiri Akhristu okhulupirika amakana kusankhidwa, amvekere ndale n'zauve, kenaka n'kumadandaula kuti m'komiti mwadzaza achibale a mfumu ndi anyamata a chipani. Amayi makamaka alowemo, pakuti ndiwo amadziwa kutalika kwa njira ya kumjigo ndi ya kuchipatala.

Chachitatu, tigwiritse ntchito ufulu wofunsa. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga wa m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Nzika iliyonse ingathe kulemba kalata kukhonsolo kufunsa kuti ntchito yakutiyakuti yapatsidwa ndalama zingati, womanga ndani, ndipo idzatha liti. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotsekukira anthu. Makomiti a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi mwathu angathe kutumiza anthu awiri kukamvera, n'kudzafotokozera anzawo. Pamalo pa ntchito iliyonse tipemphe chikwangwani cholembapo mtengo wake, ndipo komiti yoyang'anira ntchitoyo iziwerenga matumba a simenti pofika ndi pogwiritsa ntchito. Asasayine kuti ntchito yatha pamene khoma layamba kale ming'alu.

Chachinayi, tidziyang'ane tokha. Ndife amene timadzutsa phungu m'mamawa kupempha bokosi la maliro, fizi ya mwana ndi mpira wa timu ya m'mudzi. Malipiro a phungu sangakwanire zonsezi, ndiye tiganiza kuti amazitenga kuti? Lamulo la zipani za ndale la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, koma lamulo silingagwire ntchito ngati wolandira ndiye akuyamba kutambasula dzanja. Amene wagula voti yathu ndi chitenje sadzaona chifukwa chotiyankha tikamufunsa za mlatho.

Kwa inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, pempho lathu ndi lakuti muthandize anthu kumvetsa zinthu izi popanda kukwezera chipani chilichonse. Guwa si nsanja ya kampeni. Koma kufotokozera Akhristu kusiyana kwa ntchito ya khansala ndi ya phungu, kapena kuwakumbutsa tsiku la msonkhano wa VDC, si ndale za chipani ayi. Ndi kuthandiza mnzako kupeza khomo loyenera.

Mawu otsiriza

Zaka zoposa 25 zapita chikhazikitsireni ndondomeko ya mphamvu ku anthu. M'zaka zimenezi taona makhansala akubwera, kusowa ndi kubweranso, taona thumba likukula kuchoka pa K2 miliyoni kufika pa lonjezo la K5 biliyoni, ndipo taona khoti likukumbutsa aphungu malire a ntchito yawo. Chimene sitidachione mokwanira ndi mlimi wamba ataima pa msonkhano wa ADC, pepala lili m'manja, n'kufunsa modekha ndi mwaulemu kuti ndalama za mlatho wathu zili pati.

Tsiku lija madzi adaphwa dzuwa litapendeka, ndipo anyamata adatithandiza kuolotsa njinga yamoto. Tisadasiyane, akuluakulu aja adagwirizana kuti mayi uja, amene adatchula khansala, akapereke nkhani ya mlatho pa msonkhano wotsatira wa VDC, ndipo mnyamata wa Fomu 4 alembe kalata ndi kusunga kope lake. Mutu umodzi susenza denga. Dzinja likubwerali lidzatiuza ngati kalatayo idayankhidwa, ndipo ikapanda kuyankhidwa, tsopano akudziwa amene adzamufunse.